Anatulutsa Apongozi Ake M'nyumba

Apongozi aamuna sanamulole n'komwe mkazi wa mwana wawo kulowa. Anaima pakhomo dzanja lina litagwira chitseko, akumuyang'ana ngati munthu wobwera kudzagulitsa zinthu zosafunika.

"Mwati mukufuna chipinda?"

"Chimodzi chokha, bambo," anatero mayiyo motsitsa mawu. "Chakumbuyo chija mumasungiramo makatoni. Ine ndi ana awiriwa tikwanamo. Sitikusowetsani mtendere."

"Nanga mwana wanga akamva kuti ndasunga mkazi amene iye wamuchotsa, aziti chiyani?"

Mayiyo anali ndi saluni yaing'ono kuseri kwa siteji ya mabasi. Pa zaka zonse za ukwati wake ankakhala m'nyumba ya kampani, kumene mwamuna wake ankayang'anira malole. Mwezi wapitawo mwamunayo anabwera ndi mkazi wina woyembekezera, n'kumuuza kuti alongedze. Nyumba ya kampani inali m'dzina la mwamuna, choncho panalibe chokanira. Kuyambira tsiku limenelo iye ndi ana ake aakazi awiri ankagona mu saluni.

Koma nyumba imene ankapempha chipindayi inali yakeyake, yomusiyira malemu bambo ake. Apongozi ake analowamo atagulitsa nyumba yawo kuti mwana wawo ayambire bizinesi ya matayala, imene inagwa chaka chisanathe. Iye ndiye anawaitana, n'kuwauza kuti azingokhala. Apongozi aamuna, amene anapuma ntchito ku positi ofesi, anali munthu wodzimva. Anati sangakhale m'nyumba ya mpongozi ngati wopemphetsa. Analemba okha pangano la lendi ndi dzanja lawo, onse awiri n'kusaina. Lendi yake inali yongoseketsa, koma sanaphonyepo mwezi.

"Bambo, nyumbayi ndi yanga," anatero mayiyo. Anali asananenepo zimenezi pamaso pawo.

"Yanu? Denga ili litayamba kudontha anakonzetsa ndani? Si mwana wanga? Zimene mkazi ali nazo ali pabanja n'za banja, ndipo mutu wa banja mukuudziwa. Ine ndimakhala m'nyumba ya mwana wanga, apongozi. Mukafuna chipinda, kapempheni kwa iye."

Kumbuyo kwawo kunatulukira apongozi aakazi, akuyenda motsamira khoma chifukwa cha mawondo. Maso awo anali pa zidzukulu zawo zimene zinaima pageti zitagwirana manja.

"Bambo, anawo ndi magazi athu. Tamvani mmene kamng'onoko kakutsokomolera."

"Inu mayi, lowani m'nyumba. Nkhani iyi si yanu."

Anamenyetsa chitseko mpaka magalasi a pazenera ananjenjemera. Mayiyo anaima pakhondepo kanthawi, kenako anapukuta misozi ndi chikhatho, n'kutenga ana ake.

Madzulo makasitomala atatha, anasesa tsitsi, n'kukankhira mipando kukhoma, n'kuyala matiresi pansi pa magalasi. Fungo la mankhwala a tsitsi silinkachoka ngakhale atsegule zenera. Mlongo wake wamng'ono, wowotcherera zitsulo, anabwera kudzawaona. Iyenso ankakhala m'chipinda chimodzi ndi mkazi ndi ana atatu, ndiye sakanatha kuwatenga. Atamva zimene zinachitika anayamba kuyendayenda mu saluniyo akupuma ngati wathamanga.

"Achemwali, nyumba ija bambo athu anamanga ndi thukuta lawo. Inu muzigona pa tsitsi la anthu, madala aja akuwongola miyendo m'nyumba yathu? Ingondisiyirani ine."

"Iwe, usakachite kanthu kumeneko. Ndi agogo awo a ana awa."

"Chabwino," anatero, koma sanamuyang'ane kumaso.

M'mawa mwake mlongo wakeyo anapita kunyumba kuja ndi anzake awiri. Anazula chitseko chakumaso ndi cha kukhitchini, n'kutseka madzi pa mita. Masana mayiyo akuluka mutu wa kasitomala, anaimbiridwa foni kuti akufunika kupolisi.

Anapeza mlongo wake atakhala pansi, nsapato atamuvula. Apongozi aamuna anali pa benchi atavala jekete, chipewa chili pabondo. Wapolisi amene ankamva nkhaniyo anali mayi wa thupi, wolankhula mosafulumira.

"Nyumba ndi yanu, palibe akukana," anatero wapolisiyo. "Koma munthu wa lendi sachotsedwa ndi nyundo. Kuzula chitseko, kutseka madzi, kutaya katundu panja, zonsezo ndi mlandu, ndipo umagwera inu mwini nyumba. Ngati mukuifuna nyumba yanu, alembereni notisi, muwapatse nthawi yokwanira yopezera kwina. Nthawiyo ikatha asanatuluke, mupite kukhoti. Khoti likagamula, otulutsa katundu ndi masherifu, osati mlongo wanuyu. Mwamva?"

"Ndamva."

"Zitseko zibwerere lero lomwe dzuwa lisanalowe. Apo ayi, nonse awiri mugona kuno."

Anakabwezeretsa zitsekozo anthu oyandikana nawo akuonerera. Pakhomo pamene panali chitseko, apongozi aakazi anali atapachikapo bulangete lawo lofunda. Mayiyo anagwira chitseko mlongo wake akumanga zitsulo zake, ndipo manyazi anamulemera kuposa chitsekocho. Apongozi aakazi anasendera pafupi ngati akuchotsa bulangete.

"Ana akudya?" ananong'oneza.

"Akudya, mayi. Pepani. Sindinamutume ine."

"Ndikudziwa, mwana wanga."

Notisi anakalembetsa ku ofesi ina yothandiza anthu pa za malamulo. Inanena kuti mwini nyumba akufuna kukhalamo yekha ndi ana ake, ndipo inawapatsa apongozi miyezi itatu. Anapita nayo yekha, koma apongozi aamuna anabisa manja kumbuyo. Anaisiya pa tebulo la pakhonde. Tsiku lotsatira mwana wake wachisamba, mtsikana wa zaka khumi ndi zitatu amene ankadutsira kwa agogo ake pochokera kusukulu, anabwera nayo envulopu yosatsegula. Pamwamba pake apongozi anali atalembapo mwaluso ngati akadali ku positi ofesi kuti, "Mwini wake sakudziwika pano." Ku ofesi kuja anamuuza kuti akaimate pachitseko pamaso pa mboni. Anapempha mayi wina wogulitsa masamba pafupi ndi nyumbayo kuti aime naye. Pamene ankaimata, ankamva wailesi ikulira mkati, ndipo wina anaikweza dala.

Sabata yomweyo anapita kuntchito kwa mwamuna wake. Anamupeza pabwalo loimikapo malole, akukalipira dalaivala wina. Atamuona anamukokera kuseri kwa lole kuti antchito asamve.

"Ukufuna chiyani kuno?"

"Katengeni makolo anu, bambo a ana. Nyumba yanu ili ndi zipinda zinayi. Ine sindikufuna kupita nawo kukhoti."

"Mnzako sangakhale ndi anthu okalamba, ali pafupi kuchira. Iwe ndiwe unawaitana m'nyumba ija, ndiye uzione."

"Ana anu akugona pansi mu saluni. Wamng'onoyo chifuwa sichikumusiya."

"Pita nawo kwa abale ako. Ndipo ndikuuze, palibe khoti limene lingatulutse nkhalamba m'nyumba. Bambo ndawauza kale kuti asasunthe, ndiwapezera loya. Ungodzichititsa manyazi."

Anamusiya pomwepo n'kubwerera kwa dalaivala uja.

Miyezi itatu inatha, apongozi osalongedza ngakhale sipuni. Mayiyo sanapite kukhoti nthawi yomweyo. Tsiku lililonse ankadziuza kuti apita mawa. Ankakumbukira kuti pamene anachira mwana woyamba movutikira, amene anagona pansi pa bedi lake kuchipatala anali apongozi aakazi omwewa. Mwini wake wa chipinda cha saluniyo anabwera kawiri kudzamuchenjeza kuti anamubwereka malo a bizinesi, osati ogona, ndipo kachitatu sadzalankhulanso. Kenako mwana wamng'ono uja anayamba kubanika. Anagonekedwa kuchipatala, ali ndi kapaipi m'mphuno. Dokotala anafunsa kumene mwanayo amagona, ndipo atamva anapukusa mutu.

"Mayi, mukam'bwezera m'mankhwala amenewo, ulendo wina simudzatuluka naye muno."

Mwana atangotuluka m'chipatala, mayiyo anakatenga chisamani.

Tsiku la mlandu apongozi aamuna anafika atavala jekete ndi tayi, nsapato zili waliwali. Apongozi aakazi anakhala kumbuyo kwawo manja ali pachifuwa. Loya panalibe, mwana wawo panalibe. Chitseko cha khoti chikangotseguka, apongozi aamuna ankatembenuka, kenako n'kubweza nkhope kutsogolo.

Woweruza anali bambo wa imvi, wa magalasi okhuthala. Anawerenga mapepala a nyumba, notisi, ndi pangano la lendi lija. Kenako anayang'ana mayiyo.

"Mukufuna atuluke chifukwa chiyani? Lendi sapereka?"

"Amapereka, sanaphonyepo. Koma ine ndilibe pokhala. Ukwati unatha, ndipo ndikugona ndi ana mu saluni. Poyamba ndinangopempha chipinda chimodzi."

Woweruza anatembenukira kwa apongozi, n'kukweza panganolo m'mwamba.

"Bambo, analemba ichi ndani?"

"Ndine."

"Munalembapo kuti mwini nyumba ndani?"

Apongozi aamuna anayamba kusisita chipewa chawo.

"Ndikudikira yankho, bambo."

"Mpongozi wanga."

"Nanga lero mukunena bwanji kuti ndi ya mwana wanu?"

"Anakonzetsa denga."

"Kukonzetsa denga sikusintha mwini nyumba. Ngati mwana wanu akuona kuti ali ndi gawo, akanabwera kudzanena yekha. Ali kuti?"

"Akubwera. Ntchito yake ndi yotangwanitsa."

Woweruza anavula magalasi n'kupukuta m'maso. Anati iye sakonda milandu ya anthu a banja limodzi, chifukwa wopambana amatuluka akulira ngati wogonja yemwe. Anafunsa mayiyo ngati akadali wokonzeka kukhala nyumba imodzi ndi apongozi ake. Iye anati inde. Anafunsa apongozi aamuna.

"Sindingagone denga limodzi ndi munthu amene anandizulira chitseko n'kundikokera kukhoti pa msinkhu uno," anatero mokweza. "Bola ndikagone pamsewu."

Chigamulo chinali chachifupi. Notisi inaperekedwa moyenera, nthawi inatha, ndipo mwini nyumba anali ndi chifukwa chomveka. Apongozi anapatsidwa mwezi umodzi kuti atuluke okha. Akapanda kutero, masherifu adzawatulutsa.

Panja pa khoti mayiyo anakhala pa benchi n'kuyamba kulira. Apongozi aamuna anamudutsa osamuyang'ana. Apongozi aakazi anatsalira ngati akupumitsa mawondo, n'kukhala pambali pake.

"Usalire, mwana wanga. Bambowa ndakhala nawo zaka makumi anayi. Akanena mawu sabweza, ngakhale aone okha kuti alakwa."

"Mayi, auzeni alole. Ine sindikufuna masherifu."

"Ndawauza mpaka mawu atha. Si iwe amene akulimbana nawe. Akalola kuti ulowe, ndiye kuti avomera kuti mwana amene tinamugulitsira nyumba watitaya. Chimenecho ndicho sangachimeze."

Kutsogolo apongozi aamuna anaitana osatembenuka, ndipo apongozi aakazi anadzuka movutikira n'kuwatsatira.

Mwezi unatha. Mayiyo anadikira sabata inanso, kenako anabwerera kukhoti kukanena kuti chigamulo sichinatsatidwe.

Masherifu anafika m'mawa, atatu, ndi wapolisi mmodzi. Mkulu wawo anagogoda, n'kuwerenga chigamulo mokweza pakhomo. Apongozi aamuna anamvetsera atakhala pa mpando wawo wa pabalaza, atavala jekete lomwe lija, foni ili m'manja. Masherifu anayamba ndi kukhitchini. Anatulutsa mapoto, kabati ya mbale, tebulo, kenako bedi ndi matiresi, masutikesi, makatoni a mabuku akale. Zonse ankaziika kunja kwa geti, m'mphepete mwa msewu.

Anthu anadzaza mumsewu. Mayiyo anaima pafupi ndi geti ndi mlongo wake, ndipo mawu ankamufika onse.

"Akazi ena mitima yawo ndi mwala."

"N'chifukwa chake mwamuna anamuthawa."

"Kutulutsa nkhalamba ngati zinyalala. Adzakalamba naye."

Mlongo wake anafuna kuwayankha, koma iye anamugwira mkono.

Mwana wachisamba uja anatulukira atavala yunifolomu. Anali atathawa kusukulu. Ataona bedi la agogo ake pamsewu anathamangira kwa amayi ake n'kuwagwira malaya.

"Amayi, auzeni asiye. Chonde amayi. Ine ndizigonabe mu saluni, sindidandaula."

Mkulu wa masherifu anamva. Anaimitsa anzake n'kubwera pafupi.

"Mayi, amene angatiletse pano ndi inu nokha. Tisiye kapena tipitirize?"

Mayiyo analowa m'nyumba. Pabalaza panali patatsala mpando umodzi wokha, umene apongozi aamuna anakhalapo. Apongozi aakazi anali ataima pambali pawo atanyamula thumba la mankhwala.

"Bambo," anatero mayiyo misozi ikutsika, "ndikukupemphani komaliza. Katunduyu abwerere, inu mukhale m'chipinda chanu chomwecho. Ine ndi ana tingolowa. Sindidzakuyankhani mwano tsiku ndi limodzi lomwe."

Apongozi aamuna anaimba foni, n'kuiika kukhutu. Mawu a makina anamveka m'chipinda chopanda kanthucho akunena kuti foni imene aimbayo yatsekedwa. Anadula, n'kuimbanso. Anamva zomwezo.

"Mwana wanga akubwera ndi galimoto," anatero akuyang'ana khoma. "Malizani zimene mwayamba, apongozi."

Mayiyo anayang'ana apongozi aakazi. Iwo anatsinzina, n'kugwedeza mutu pang'ono. Mayiyo anatuluka panja, ndipo mkulu wa masherifu anamuyang'ana akudikira.

"Pitirizani," anatero.

Mwana wake anamufulatira n'kupita kukaima kwa agogo ake aakazi.

Apongozi aamuna sanadikire kuti wina awagwire. Anadzuka okha, n'kukonza tayi, n'kutuluka mutu uli m'mwamba. Mpando unawatsatira pambuyo. Masherifu anasintha loko, n'kupereka makiyi kwa mayiyo, n'kumusainitsa. Ntchito yawo inathera pomwepo, ndipo anakwera galimoto n'kumapita.

Dzuwa linafika pamutu, anthu anayamba kubalalika. Apongozi aamuna anali atakhala pa mpando wawo m'mphepete mwa msewu, akuyang'ana galimoto iliyonse yodutsa. Kumwamba kunayamba kuda. Mayiyo anatuma mlongo wake kukafuna lole. Itafika, dalaivala anafunsa kumene katundu akupita.

"Kwa mwana wathu," anatero apongozi aakazi.

"Anati tidikire pano," anatero apongozi aamuna.

"Tadikira, bambo. Mvula ikubwera. Kwerani."

Kanali koyamba kuti mayiyo awamve akulamula amuna awo. Apongozi aamuna anawayang'ana, kenako anakwera kutsogolo kwa lole. Mayiyo, mwana wake ndi mlongo wake anakwera kumbuyo, pamwamba pa katundu.

Nyumba za kampani zinali zondondozana, iliyonse ndi mpanda wake ndi geti lachitsulo. Dalaivala analiza hutala. Patapita nthawi, kachitseko ka pageti kanatseguka, ndipo mwamuna uja anatuluka atavala kabudula ndi masilipasi. Anali pakhomo tsiku lonselo. Pakhonde kumbuyo kwake panaima mkazi watsopano atanyamula khanda.

Mwamunayo anayang'ana lole, n'kuyang'ana nyumba za anzake, kenako analunjika kwa mayiyo.

"Iwe, n'chiyani chimenechi? Wabwera kudzandichititsa manyazi pa nyumba za kampani?"

"Ndabweretsa makolo anu."

Apongozi aamuna anatsika pang'onopang'ono atagwira chitseko cha lole. Nkhope yawo inamasuka ataona mwana wawo.

"Mwana wanga, foni yako inali yotseka. Ndinadziwa kuti mwina moto watha. Titsitsire kuti katunduyu?"

Mwamunayo anakanda kumutu.

"Bambo, muno simungakhale. Kampani sifuna anthu ambiri m'nyumba zake. Komanso mwaona nokha, muli khanda. Ndikupezerani kachipinda kwinakwake mwezi ukatha. Pakali pano bwererani, mukangomupepesa uyu, akulolani."

"Ndikamupepese?"

"Eya, bambo. Kungonena pepani basi. N'chovuta?"

"Unandiuza kuti ndisasunthe. Unati nyumba ndi yako. Ndinaima pamaso pa woweruza n'kunena zimenezo ndi pakamwa panga."

"Ndinkaganiza kuti sangafike nazo pamenepa."

Chipewa chinagwa m'manja mwa apongozi aamuna, ndipo sanachitole. Misozi inayamba kutsika m'masaya mwawo n'kumagwera pa tayi. Mdzukulu wawo anabisa nkhope.

Apongozi aakazi anatsika mothandizidwa ndi dalaivala. Sanalankhule ndi mwana wawo. Anatembenukira kwa mlongo wake wa mayiyo ndi anyamata a lole.

"Tsitsani katundu."

"Titsitsire pati, agogo?"

"Pageti pomwepa. Yambani ndi bedi. Muliike chopingasa kuti galimoto yake isatuluke."

"Amayi, musachite zimenezo," anatero mwamunayo. "Abwana anga amakhala nyumba iyo."

"Aone. Nawonso ali ndi makolo." Mawu awo sanali okweza, koma anamveka mpaka kutsidya kwa msewu. "Ife tinali ndi nyumba yathu. Bambo akowa anaimanga ndi malipiro a ku positi ofesi, chipinda chimodzichimodzi. Unabwera ukulira kuti ukufuna mpamba, tinaigulitsa. Amene anatitola ndi mwana wa eni ake uyu. Iwe unamuthamangitsa ndi ana ako, n'kutisandutsa ife ndodo yomumenyera. Lero ndodo yabwerera kwa mwini wake. Tigona pano pageti, mvula itipeze pano, mpaka utsegule."

Bedi linatsika, kenako kabati, kenako matiresi. Mageti a nyumba zina anayamba kutseguka, azimayi ndi antchito a m'nyumba akusuzumira. Pa nyumba ya abwana katani inasuntha. Mkazi watsopano uja analowa m'nyumba n'kumenyetsa chitseko. Madontho oyamba a mvula anayamba kugwa pa matiresi.

Mwamunayo anaima manja ali m'chiuno, akutuluka thukuta. Kenako anakoka geti mwaukali mpaka linagunda mpanda.

"Lowetsani kuseri, m'kanyumba ka antchito," anauza anyamata aja osayang'ana munthu.

Kanyumbako kanali ka chipinda chimodzi, kodzaza ndi matayala akale. Anyamata anayamba kutulutsa matayala n'kulowetsa katundu mothamanga. Kabati sinakwane pakhomo, ndipo anaisiya panja ataifunditsa pepala la pulasitiki.

Apongozi aakazi anakumbatira mdzukulu wawo, kenako anagwira dzanja la mayiyo ndi manja awo onse awiri.

"Pita, mwana wanga. Kamng'ono kaja kakudikira. Kalowe nako m'nyumba mvula isanakule."

"Mayi, mukhala bwanji muno?"

"Mmene unakhalira iwe mu saluni. Pita."

Apongozi aamuna anali akadali panja pa geti. Anawerama movutikira n'kutola chipewa chawo, n'kuchipukuta pa jekete. Anayenda pang'ono kulowera mkati, kenako anaima pafupi ndi mayiyo, maso ali pansi.

"Apongozi."

"Bambo."

Apongozi aamuna anatembenuza chipewa m'manja.

"Mpopi wa kubafa musamaukanikize kwambiri potseka, umadontha. Ndipo zenera la chipinda cha kumsewu limalowetsa mphepo. Wodwalayo musamugoneke mmenemo."

"Ndamva, bambo."

Apongozi aamuna anagwedeza mutu, n'kutsatira anyamata amene ananyamula mpando wawo. Mwana wawo anatseka geti.

Madzulo amenewo lole yomweyo inakatenga matiresi ndi zovala ku saluni, ndi mwana wamng'ono kwa mlongo wake kumene anamusiya. Mvula inali itakula. M'nyumba munali mopanda kanthu, mawu ankabwerera m'makoma. Pamene panali zithunzi panatsala misomali ndi malo oyera. Wamng'onoyo ankathamanga chipinda ndi chipinda akufunsa kuti chake n'chiti. Wachisamba anakana kudya. Anakhala pakona atakumbatira mawondo, ndipo amayi ake atamuyandikira anatembenukira kukhoma.

"Munawatulutsa," anatero.

Mayiyo anagoneka wamng'onoyo m'chipinda chapakati, n'kumufunditsa. Kenako analowa m'chipinda chimene munkagona apongozi ake. Munali mukadali fungo la mankhwala opaka m'mawondo. Anatseka chitseko, n'kukhala pansi pasimenti, n'kulira atatseka pakamwa ndi dzanja kuti ana asamve.

Patapita nthawi chitseko chinatseguka. Wachisamba analowa n'kukhala pansi chapatali pang'ono, osamukhudza.

"Loweruka tikawaone," anatero mayiyo akupukuta m'maso. "Tikawatengere mabulangete."

"Adadi akatitsegulira geti?"

"Sindikudziwa, mwana wanga."

Anakhala choncho awiriwo, mvula ikugunda pamalata.